Khansa ya chithokomiro: Dzina limodzi, mathero osiyana

Pa 4 January 2012, yemwe adali mtsogoleri wa dziko la Argentina panthawiyo, Cristina Fernández de Kirchner, adalowa m'chipinda cha opareshoni pachipatala cha Austral, kunja kwa mzinda wa Buenos Aires. Sabata imodzi izi zisadachitike, boma lidalengeza kuti mayiyu wapezeka ndi khansa ya chithokomiro. Omutsatira adagona kunja kwa chipatalacho ndi mbendera komanso zithunzi zake, kudikirira uthenga.

Madokotala adachotsa chithokomiro chonse. Patangotha masiku atatu, kudamveka zina: atapima bwinobwino chiwalo chomwe adachotsacho, adapeza kuti mudalibe khansa. Anthu adasangalala, koma chiwalo chidali chitapita kale, ndipo munthu wochotsedwa chithokomiro chonse amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku moyo wake wonse.

Ngati zoterezi zidagwera mtsogoleri wa dziko, yemwe sasowa madokotala odziwa ntchito, ndiye kuti nkhani ya zotupa za pakhosi njovutadi. Komatu funso loti chotupa ndi khansa kapena ayi ndi loyamba chabe. Lachiwiri ndilo limazunguza mitu kwambiri. Ikapezeka kuti ndi khansa, kodi ndi ija yoti munthu akalamba nayo osamuchita kanthu, kapena ndi ija yoti idzabwerera pakatha zaka zingapo n'kukafika m'mapapo ndi m'mafupa?

Kwa zaka zoposa 20 tsopano, akatswiri akhala akusakasaka yankho mkati mwa maselo a chotupacho, m'malangizo omwe amatchedwa majini. Owerenga asasokoneze, awa si majini aja omwe ena amati amagwira anthu. Awa ndi malangizo olembedwa mu DNA ya selo iliyonse, omwe amauza seloyo nthawi yokula, nthawi yogawikana komanso nthawi yofa. Malangizowa amalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwa ka 3 biliyoni. Chilembo chimodzi chikalakwika pamalo oyenera, selo imayamba kusamva.

Chiwalo chomwe aliyense ali nacho

Ambiri amadziwa chithokomiro ngati matenda, chotupa chija chomwe chimatulukira kutsogolo kwa khosi, makamaka kwa amayi, mpaka ena amachibisa ndi mpango. Koma chiwalocho aliyense ali nacho. Chimakhala m'munsi mwa kholingo, chooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, ndipo mwa munthu wamkulu chimalemera magalamu pafupifupi 20. Ntchito yake ndi kutenga ayodini wochokera m'chakudya n'kupanga mahomoni olamulira liwiro lomwe thupi limagwirira ntchito, monga kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi ngakhalenso kukula kwa ubongo wa mwana.

Zotupa zambiri za m'chiwalochi si khansa. Mwa zotupa 10 zilizonse, pafupifupi 9 zimakhala zosaopsa.

Pa zomwe zili khansa, mitundu ikuluikulu ilipo inayi. Wofala kwambiri ndi papillary, womwe m'maiko ambiri umagwira odwala oposa 80 mwa 100 alionse a khansayi ndipo umakula pang'onopang'ono. Wachiwiri ndi follicular, womwe umakonda kuyenda ndi magazi kukafika m'mafupa. Wachitatu, medullary, ngosowa koma nthawi zina umayenda m'banja. Womaliza ndi anaplastic, womwe umagwira mmodzi kapena awiri mwa 100 alionse, koma kwa zaka zambiri theka la opezeka nawo samatha miyezi 6.

Malinga ndi nthambi yoona za khansa ya bungwe la World Health Organization, m'chaka cha 2022 anthu oposa 800,000 adapezeka ndi khansa ya chithokomiro padziko lonse, pomwe omwalira nayo sadafike 50,000. Amayi opezeka nayo amachuluka katatu kuposa abambo. Ziwerengerozi zikuonetsa kuti ambiri amachira. Vuto ndi kudziwiratu ochepa aja omwe sachira.

Phunziro la ku South Korea

Wina atha kunena kuti bwanji osangochotsa chithokomiro cha aliyense wopezeka ndi khansa, nkhani n'kuthera pomwepo. Dziko la South Korea lidayenda njira imeneyo ndipo zomwe lidakumana nazo zidadabwitsa madokotala.

M'chaka cha 1999 dzikolo lidayambitsa ndondomeko yoyeza anthu khansa zosiyanasiyana. Chithokomiro sichidali pamndandanda, koma zipatala zambiri zimauza anthu kuti akaonjezera kandalama pang'ono, pakati pa madola 30 ndi 50, awajambulanso pakhosi ndi makina a sikani. Anthu adalola mwaunyinji. Pofika 2011, chiwerengero cha opezeka ndi khansa ya chithokomiro chidakwera ka 15 poyerekeza ndi cha 1993, ndipo idasanduka khansa yopezeka kwambiri m'dzikolo. Pafupifupi onse adachitidwa opareshoni.

Chodabwitsa n'choti chiwerengero cha omwalira ndi khansayi sichidasinthe. Kafukufuku yemwe Hyeong Sik Ahn ndi anzake adatulutsa mu 2014 adaonetsa kuti makinawo amapeza tizotupa ting'onoting'ono tomwe sitikadavulaza eni ake. Akatswiri ena a ku Finland adali ataona kale izi mu 1985. Atapima matupi 101 a anthu omwalira ndi matenda ena, adapeza khansa ya papillary yobisala mwa anthu 36, omwe adakhala moyo wawo wonse osadziwa.

Opareshoni nayo ili ndi mtengo wake. Kuseri kwa chithokomiro kumadutsa mitsempha yoyendetsa mawu, komanso kuli tiziwalo tinayi tonga njere za mpunga tomwe timasamala mlingo wa kashiamu m'magazi. Mwa anthu oposa 15,000 a ku South Korea omwe adawatsatira atachitidwa opareshoni, 11 mwa 100 alionse adali ndi vuto la tiziwalo timeneti, pomwe awiri mwa 100 adaonongeka mawu. Kwa mphunzitsi, mlaliki kapena woimba kwaya, mawu ndiye khasu lake.

Ku Japan, madokotala a pachipatala cha Kuma mumzinda wa Kobe adayesa njira ina kuyambira mu 1993, motsatira ganizo la Akira Miyauchi. Odwala omwe kachotupa kawo ka papillary sikadapitirire sentimita imodzi ndipo sikadafalikire, amapatsidwa mwayi wosankha kungowayang'anira ndi sikani m'malo mowang'amba. Mu 2014 adalengeza kuti mwa odwala 1,235 omwe adawayang'anira motere, palibe yemwe adamwalira ndi khansayi, ndipo m'zaka 10 tizotupa tidakula moonekera mwa anthu 8 okha pa 100 alionse.

Kuchokera apa n'zoonekeratu chifukwa chomwe madokotala amafunira chizindikiro chosiyanitsa khansa yogona ndi yolusa.

Swichi yokanirira

Chiyembekezo chachikulu chidabwera mu 2002, pomwe akatswiri a ku Sanger Institute pafupi ndi Cambridge ku England adapeza kuti jini yotchedwa BRAF imakhala yolakwika m'khansa zingapo, makamaka ya pakhungu. Chaka chotsatira, magulu angapo a ku America adapeza kulakwika komweko m'khansa ya papillary.

Jini ya BRAF imagwira ntchito ngati swichi ya magetsi. Thupi likafuna maselo atsopano, swichi imayatsidwa, selo imagawikana, kenaka swichi imazimitsidwa. M'khansa, chilembo chimodzi cha T chimasanduka A, ndipo swichi imakanirira pamalo oyaka. Kulakwika kumeneku akatswiri amakutcha V600E. Kumapezeka mwa pafupifupi theka la odwala papillary.

Palinso vuto lina lomwe kulakwikaku kumabweretsa. Akachotsa chithokomiro, odwala ena amamwetsedwa ayodini wokhala ndi mphamvu ya redieshoni. Popeza maselo a chithokomiro amakoka ayodini mwadyera, otsalira onse, ngakhale omwe athawira m'mapapo, amamwa ayodiniyo n'kufa. Ndi mankhwala anzeru omwe akhala akugwira ntchito kuyambira zaka za m'ma 1940. Koma maselo okhala ndi V600E nthawi zambiri amachepetsa kukoka ayodini, motero nyambo ija saidya mokwanira.

Mmodzi mwa omwe adalimbikira kutsatira jini imeneyi ndi Mingzhao Xing, yemwe panthawiyo adali pasukulu ya ukachenjede ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America. Mu 2013 iye ndi anzake adasonkhanitsa mbiri ya odwala 1,849 ochokera m'zipatala 13 za m'maiko 7. Mwa odwala 845 omwe zotupa zawo zidali ndi V600E, 45 adamwalira. Mwa 1,004 omwe zidalibe, adamwalira 11. Uku n'kusiyana kwa pafupifupi kasanu.

Poyamba zidaoneka ngati yankho lapezeka. Koma munthu akabwereza kuwerenga ziwerengerozo, aona kuti odwala 800 mwa 845 omwe adali ndi jini yoopsayo sadamwalire ndi khansayi. Chinanso, akatswiriwo atawerengera zinthu zomwe dokotala amaziona kale ndi maso, monga ngati khansa yafika mwa anabele a m'khosi, yabooka kunja kwa chithokomiro kapena yafalikira kutali, mphamvu ya jiniyo payokha polosera imfa idachepa kwambiri.

Panali zinanso zokaikitsa. Ku South Korea komwe kuja, V600E imapezeka mwa odwala papillary 7 kapena 8 pa 10 alionse, kuposa maiko ambiri, koma anthu safa nayo kwambiri. Ndipo timadontho takuda tomwe anthu ambiri ali nato pakhungu, pafupifupi 8 mwa 10 tili ndi kulakwika komweku, koma timakula pang'ono n'kuima. Chizindikiro chomwe chili mwa theka la odwala sichingathandize kwenikweni kusankha ochepa omwe ali pachiopsezo. Zili ngati mlonda wa pamsika kuuzidwa kuti wakuba wavala malaya oyera, patsiku lomwe theka la anthu avala zoyera.

N'chifukwa chake malangizo omwe bungwe la American Thyroid Association lidatulutsa mu 2015 sadalimbikitse kuyeza BRAF kwa wodwala aliyense pofuna kudziwa ngati khansa idzabwerera.

Zikakumana ziwiri

Chidutswa chosowa chidapezeka mu 2013, ndipo nachonso chidayamba kuoneka m'khansa ya pakhungu. Ichi ndi jini yotchedwa TERT.

Kumapeto kwa ulusi uliwonse wa DNA kuli kachigawo koteteza, komwe kamafupika nthawi iliyonse selo ikagawikana. Kakafupika kwambiri, selo imaleka kugawikana. Zili ngati mayunitsi a magetsi: ngakhale swichi itakanirira, tsiku lina mayunitsi amatha ndipo nyumba imada. Jini ya TERT imapanga chinthu chomwe chimabwezeretsa kachigawoko, ndipo m'maselo ambiri a munthu wamkulu jiniyi imakhala yotseka. Akatswiri atatu omwe adafotokoza za kachigawoka ndi chobwezeretsa chakecho, Elizabeth Blackburn, Carol Greider ndi Jack Szostak, adalandira mphoto ya Nobel mu 2009.

Chilembo chimodzi chikalakwika pakhomo pa jini ya TERT, jiniyo imatseguka. Selo yotere ili ngati mita yomwe mayunitsi ake satha. Kulakwika kumeneku kumapezeka mwa pafupifupi wodwala papillary mmodzi pa 10 alionse, makamaka achikulire, ndipo mwa ana n'kosowa zedi. M'khansa yolusa ija ya anaplastic kumapezeka mwa pafupifupi 7 pa 10.

Gulu la Xing lidafunsa funso losavuta: nanga zolakwika ziwirizi zikakumana m'chotupa chimodzi? Mu 2014 lidatulutsa zotsatira za odwala 507. Mwa omwe adalibe cholakwika chilichonse mwa ziwirizi, khansa idabwerera mwa pafupifupi 9 pa 100 alionse. Mwa omwe adali nazo zonse, idabwerera mwa pafupifupi 69 pa 100.

Mu 2017 gululi lidabweranso ndi ziwerengero za imfa, kuchokera mwa odwala 1,051 omwe adathandizidwa pa Johns Hopkins. Mwa odwala 629 opanda cholakwika chilichonse, anayi okha ndiwo adamwalira ndi khansayi. Mwa 292 omwe adali ndi BRAF yokha, adamwalira 7. Mwa 64 omwe adali ndi TERT yokha, adamwalira anayi. Koma mwa 66 omwe adali nazo zonse ziwiri, adamwalira 15, kutanthauza pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse.

Taonani bwino, theka la imfa zonse 30 lidachokera m'kagulu ka anthu 66 mwa 1,051. Pamaikulosikopu, zotupa za anthu onsewa zidalembedwa dzina limodzi la papillary. Kafukufuku wa m'maiko ena, kuphatikizapo South Korea, adapezanso kuti zolakwika ziwirizi zikakumana zinthu sizikhala bwino, ndipo adaonanso kuti TERT ikakumana ndi jini ina yolakwika yotchedwa RAS, chiopsezo chimakweranso.

Ngakhale zili choncho, uku si kuombeza ula. Mwa anthu 66 aja, 51 sadamwalire ndi khansayi panthawi yomwe amawatsatira. Zotsatira za majini zimauza dokotala gulu lomwe wodwala alimo, kuti adziwe woti amuchotse chithokomiro chonse kapena theka, woti amumwetse ayodini wa redieshoni ndi woti azimuitana pafupipafupi. Sizitchula tsiku la munthu. Mpaka pano, podziwa pomwe khansayi yafika, madokotala amadalirabe kukula kwa chotupa, komwe chafalikira ndi zaka za wodwala. Kuyambira mu 2018 malire a zaka adakwezedwa kuchoka pa 45 kufika pa 55, chifukwa odwala osafika zaka zimenezi amachira kwambiri ngakhale khansa itafika mwa anabele.

Majini athandizaponso kuchotsa mantha. Mu 2014, ntchito yaikulu yotchedwa The Cancer Genome Atlas idawerenga DNA ya zotupa 496 za papillary ndipo idaona kuti zimagawika pawiri, zina zotengera BRAF ndi zina zotengera RAS. Patatha zaka ziwiri, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Yuri Nikiforov wa ku Pittsburgh lidaunika mtundu wina wa chotupa chokutidwa bwino, chomwe nthawi zambiri chimakhala cha mbali ya RAS. Odwala 109 omwe adawatsatira kwa zaka zapakati pa 10 ndi 26 onse adali moyo, opanda matenda. Gululo lidagwirizana kuchotsa liwu loti khansa m'dzina la chotupacho, ndipo lero chimatchedwa NIFTP. Anthu omwe kale akadauzidwa kuti ali ndi khansa, tsopano amangochotsedwa theka la chithokomiro n'kubwerera kwawo.

Ana a ku Chernobyl

Zomwe zili m'majini a ana odwala khansayi n'zosiyana ndi za akulu, ndipo zambiri zidadziwika kaamba ka ngozi. Pa 26 April 1986, malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl m'dziko la Ukraine adaphulika. Utsi wokhala ndi ayodini wa redieshoni udagwera m'madambo, ng'ombe zidadya udzuwo ndipo ana adamwa mkaka. Popeza madera ambiri kumeneko adali osowa ayodini m'chakudya, zithokomiro za anawo zidakoka wapoizoniyo mwamphamvu.

Komiti ya United Nations yoona za redieshoni idawerenga anthu oposa 6,000 a ku Belarus, Ukraine ndi Russia omwe adali ana kapena achinyamata panthawi ya ngoziyo ndipo adapezeka ndi khansa ya chithokomiro pofika 2005. Mwa onsewa, omwe adamwalira nayo pofika chakacho adali 15.

M'zotupa za ambiri mwa anawa, vuto silidali chilembo chimodzi cholakwika. Redieshoni idadula ulusi wa DNA pawiri, ndipo selo polumikiza idaphatikiza zidutswa zosayenerana, monga telala wosoka mkono wa malaya pa thalauza. Jini yomwe imakhudzidwa kawirikawiri ndi RET. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Lindsay Morton wa ku National Cancer Institute ku America adatsimikiza mu 2021 kuti mwana akalandira redieshoni yambiri ali wamng'ono, mwayi wa kusokedwa kolakwika kumeneku umakula. Khansa ya ana imafalikira msanga mwa anabele ngakhale m'mapapo, koma imamva ayodini wa redieshoni, ndipo TERT simapezeka kawirikawiri. Apa mpomwe munthu amaona kuti kuopsa kwa maonekedwe ndi kuopsa kwa mathero n'zinthu ziwiri.

Kodi ana atengera?

Makolo ambiri akamva liwu loti majini amaganiza za kumtundu. Zolakwika za BRAF, TERT ndi RAS zomwe zafotokozedwazi zimachitika m'chotupa mokha, munthu ali kale ndi moyo. Sizili m'magazi ake onse ndipo sangapatsire mwana. Ngakhale ku Chernobyl, kafukufuku wina wa mu 2021 yemwe adayeza ana 130 obadwa kwa makolo omwe adalandira redieshoni sadapeze kuti zolakwika zatsopano zachuluka mwa anawo.

Kusiyana kuli pa mtundu wa medullary. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi a mtundu umenewu amabadwa ndi jini ya RET yolakwika m'thupi lonse, zomwe zidadziwika mu 1993. Mwana aliyense wa kholo lotere ali ndi mwayi wa theka wotengera. Pano ndiye majini amalosera mwamphamvu kuposa pena paliponse, mpaka malo enieni a cholakwikacho amauza dokotala zaka zoyenera kuchitira opareshoni. Mwana wobadwa ndi cholakwika chotchedwa M918T amalangizidwa kuchotsedwa chithokomiro asadathe chaka chimodzi, pomwe wa cholakwika cha pamalo 634 amachotsedwa pofika zaka zisanu, khansa isadayambe n'komwe. Ndi chiganizo chowawa kwa kholo kupereka khanda lathanzi kumpeni, koma m'mabanja otere akuluakulu amakhala ataikapo kale maliro a matenda omwewo.

Kudziwa jini yolakwika kwatsegulanso khomo la mankhwala olunjika pa swichi yokanirirayo. Mu May 2018 dziko la America lidavomereza mankhwala awiri ophatikiza, dabrafenib ndi trametinib, kwa odwala anaplastic okhala ndi V600E, ndipo mu 2020 lidavomereza selpercatinib kwa omwe vuto lawo lili pa RET. Chipatala cha MD Anderson mumzinda wa Houston chidalengeza mu 2020 kuti theka la odwala ake a anaplastic apakati pa 2017 ndi 2019 amadutsa miyezi pafupifupi 16, poyerekeza ndi miyezi 8 m'zaka za 2000 mpaka 2013. Ndi miyezi chabe, ndipo mankhwalawa ngokwera mtengo kwambiri, koma pa matenda omwe kale adalibe poyambira, uku n'kusuntha.

Nanga kuno?

Ku Malawi, monga m'maiko ambiri a mu Africa, vuto si la ku South Korea lopeza tizotupa tambiri tosaopsa. Vuto ndi lofika mochedwa. Chotupa cha pakhosi chidazolowereka, makamaka m'madera akumapiri komwe nthaka ilibe ayodini wokwanira, moti mayi atha kukhala nacho zaka 15 akuti n'chithokomiro wamba monga cha amayi ake. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Nthawi zina ayi.

Kusowa kwa ayodini kumakhudzanso mtundu wa khansa. Komwe ayodini ali wochepa, mtundu wa follicular, womwe umayenderana kwambiri ndi jini ya RAS, umachulukirapo, ndipo odwala ena amayamba kuonekera kuchipatala ndi fupa lotupa kapena lothyoka khansa itafika kale kutali. Maiko omwe adayamba kuthira ayodini mumchere adaona mtunduwu ukuchepa poyerekeza ndi papillary. Ndi chifukwa chinanso choonetsetsa kuti mchere wogula pamsika ndi wothira ayodini, komanso kuusunga m'chotsekera, kutali ndi dzuwa ndi chinyontho.

Apa palinso chodandaulitsa. Kafukufuku wamkulu wa BRAF ndi TERT adachitika pa odwala a ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, ambiri a iwo a papillary. Odwala a mu Africa alimo ochepa zedi, choncho ziwerengero za ku Baltimore ziyenera kutengedwa mosamala pokamba za wodwala wa ku Ntcheu kapena ku Rumphi. Kuyeza majini nakonso kumafuna makina odula omwe sapezeka m'zipatala zambiri za kuno, ngakhale V600E yokha itha kuoneka pamaikulosikopu pogwiritsa ntchito utoto wapadera, njira yotsikirapo mtengo.

Zomwe zimapulumutsa ambiri zikadali zakale zomwe zija. Madokotala amalangiza kuthamangira kuchipatala ngati chotupa cha pakhosi chili cholimba ngati mwala, chikukula mofulumira, sichisuntha pomeza malovu, kapena chikubwera ndi kusasa mawu kosatha, kuvutika kumeza, kubanika ndi anabele m'khosi. Chotupa mwa mwana kapena mwa bambo chimafunika kuunikidwa msanga, chimodzimodzi cha munthu yemwe achibale ake adadwalapo khansayi. Kuyeza kumayamba ndi sikani, kenaka kajakisoni kakang'ono kokoka timaselo kuti akatipime. Wodwala wa kuchipatala cha boma cha m'dera amatumizidwa kuzipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba kapena Mzuzu.

Wochitidwa opareshoni ali ndi ufulu wofunsa dzina lenileni la chotupa chake, ngati ndi papillary, follicular, medullary kapena si khansa n'komwe, chifukwa mayankhowa ndiwo amalamula zotsatira, kuphatikizapo ngati ana ake akufunika kuyezedwa. Mankhwala a mahomoni samalekezedwa munthu akayamba kupeza bwino, ndipo masiku obwerera kuchipatala ngofunika ngakhale patatha zaka, popeza khansayi itha kubwerera patapita zaka 10 kapena 20.

Pepala la zotsatira za kulabotale nalo lisakulungidwe mandasi. Kachidutswa ka chotupa chochotsedwa kamaumitsidwa m'phula n'kusungidwa ndi nambala yake, ndipo DNA ya mmenemo imatha kuwerengeka patapita zaka zambiri. Ena mwa odwala 1,051 a pa Johns Hopkins aja adachitidwa opareshoni m'zaka za m'ma 1990, BRAF ndi TERT zisadadziwike m'khansayi, ndipo majini awo adawerengedwa pambuyo pake kuchokera m'zidutswa zosungidwa. Khansa ikabwerera, nambala ya papepala ija ndiyo dokotala adzafunse kuti akapeze kachidutswako.